Mbira ya pa Pulogalamu ya Maliro

Isabella anali chogwada pansi pa benchi lachinayi m'tchalitchi cha ku Nchenachena, akupapasa m'fumbi, pamene anapeza pepala loyamba. Wina anali ataliponda ndi nsapato yamatope. Mbali imodzi kunali pulogalamu ya maliro a bambo ake, Hezron Luhanga, amene anaikidwa m'manda dzulo lake: nyimbo zitatu, mlaliki, olankhula m'malo mwa banja. Atalitembenuza anaona mbira yojambulidwa ndi pensulo, itaima pakhomo pa kakhola ka waya, mwendo umodzi uli m'mwamba. Pakona panali nambala yolembedwa ndi dzanja la bambo akewo: 112.

Anakwawa tchalitchi chonse, kuyambira kumabenchi a amayi a Umanyano mpaka kuguwa, ndipo anatuluka ndi mapepala asanu ndi anayi. Mapepalawo anayenera kukhala 240.

Hezron anagwira ntchito zaka khumi ndi zinayi ku labu ina yofufuza za matenda a kaodzera. Sanali dokotala ayi. Iye anali wosamala mbira. Ofufuza ankaweta akashembe m'timabokosi ta neti, ndipo akashembe sadya udzu, amafuna magazi. Ntchito ya Hezron inali yogwira mbira, kuimeta pamimba, n'kuikapo kabokosiko mpaka tizilomboto titakhuta. Atasiya ntchitoyo, pa chifukwa chimene m'nyumbamo sichinkatchulidwa, anabwerera kwawo n'kuyamba kujambula mbira. Anthu ankati mutu wake unatsala ku labu. Analidi munthu wa zakezake. Udzudzu ukalira m'nyumba ankapinda mkono wa malaya n'kuugoneka patebulo, amvekere, "Adye kuno, ana awasiye." Ana ankafa nacho chiseko. Amayi awo, NyaChavula, ankangodzuka n'kutuluka panja osaseka.

Isabella, amene ankaphunzitsa kusukulu ya mishoni pafupi pomwepo, ndiye anaika zithunzizo pa intaneti. Kampani ina yaing'ono ya ku Bristol, ku Britain, inaziona. Inkapanga filimu ya makatuni yonena za nyama za m'malabu, ndipo gawo lililonse linkajambulidwa ndi munthu wa dziko lina: agalu, anyani, makoswe. Gawo la mbira analipereka kwa Hezron. Mkuluyo anakana kompyuta. Ankajambula pamanja, mapepala khumi ndi awiri kuti mbira iyende sekondi imodzi, ndipo Isabella ankawajambula ndi foni pakachoikira ka matabwa n'kuwatumiza. Zaka ziwiri zinatha choncho. Bokosi lomaliza, la masekondi makumi awiri otsekera gawolo, Hezron analimaliza Lolemba. Lachiwiri anagwa akutsuka m'maso, ndipo sanadzukenso.

Isabella anakapeza bambo ake aakulu, a Ellard, atakhala pansi pa tenti ya maliro imene inali isanachotsedwe. Anali mkulu wa mpingo zaka makumi atatu, munthu amene sanachedwepo ku mapemphero ngakhale tsiku limodzi, ndipo ankafuna kuti aliyense adziwe zimenezo. Isabella anagwada, naika mapepala asanu ndi anayi aja pamaondo awo.

"Adada, mapepala awa anachoka bwanji m'bokosi?"

"Ndinawatenga ndine," anayankha a Ellard mosatekeseka. "Ku ofesi ya mpingo mapepala anatha, ku Boma n'kutali, anthu anali atayamba kale kufika. Ndinapeza bokosi la mapepala abwino chomene, kumbuyo kwake koyera, n'kusindikizapo pulogalamu pa makina a fotokope. Ndinayang'ana ndekha, mwana wanga. Mbira yomweyomweyo kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ndinati mng'ono wanga ankangozoloweretsa dzanja. Ndiye ndinaganiza kuti aliyense wobwera kudzamulira apite ndi kanthu ka dzanja lake. Abusa anayamikira."

"Si yomweyomweyo, Adada."

Anasanja 112 ndi 115 pamodzi, nawaonetsa mwendo wa mbira. Papepala lina unali m'mwamba, pa linalo unali utatsika pang'ono, kutalika kwa njere ya mpunga. A Ellard anavala magalasi, nayang'ana nthawi yaitali.

"Zaka ziwiri," anatero potsiriza, "munthu wamkulu, chifukwa cha kamwendo aka?"

Isabella anafuna kukuwa, koma pamaliro a bambo ako sukalipira mkulu wawo. Chimene chinkamuwawa kwambiri n'chakuti a Ellard sanachite mwankhanza. Munthu woipa ukhoza kudana naye mtima n'kupepuka, nanga wokulakwira mwachikondi umutani?

Masana anakwera kachitunda ka kuseri kwa sukulu, kumene netiweki imagwira, naimbira Angela, mayi woyang'anira filimuyo ku Bristol. Analankhula m'Chingerezi. Angela anapepesa maliro mochokera pansi pa mtima. Kenako Isabella anamufotokozera za mapulogalamu.

"Isabella, ndikuuze zoona," anatero Angela. "Lachisanu likubwerali, faifi koloko ya kuno, tikutseka zithunzi za filimu yonse, sitidzalandiranso china. Lolemba oika mawu ndi nyimbo akulowa mu situdiyo imene tinaisungitsa chaka chatha. Ndikasuntha tsikulo, anthu makumi anayi apita ku ntchito zina, ndipo sindidzawasonkhanitsanso. Pepala limodzi kapena awiri akasowa pakati, ojambula athu akhoza kudzaza poyang'ana lakutsogolo ndi lakumbuyo. Koma mapeto sitingawapeke. Bambo ako anatilembera kuti asintha mapeto, tidzawaona akafika. Iwe ukuwadziwa?"

"Ayi. Sankalola munthu kuona bokosi lisanathe."

"Ndiye popanda mapeto gawo lonse la mbira lichotsedwa. Sindikufuna kutero, koma sindili ndekha pa chiganizochi."

Isabella anatsika chitundacho. Zaka ziwiri za msana wa bambo ake, ndi dzina lawo limene ankayembekezera kuliona likukwera pamapeto a filimu, zonse zinali m'matumba a anthu obalalika kuyambira ku Henga mpaka ku Hewe.

Anapempha a Ellard kuti alengeze m'tchalitchi Lamulungu. Iwo anakana.

"Unamvapo kuti, banja likuitanitsa pulogalamu ya maliro? Anthu adzati tikufuna kuchitira chiyani mapepala amene agwira ndi manja awo? Ukudziwa mmene anthu amaganizira. Ndiponso ine ndikaime pamaso pa mpingo, ndinene kuti ndinamwaza ntchito ya mng'ono wanga ngati mankhusu?"

"Mukapanda kunena inu, Adada, ndikaima ndine."

"Mwana wamkazi wa womwalira, masiku awiri asanathe, kuima kuguwa?"

"Ndikaima."

Lamulungu a Ellard anaima okha. Anawerenga zolengeza zonse, za kwaya ndi za msonkhano wa madikoni, kenako anavula magalasi. Anati iye Ellard Luhanga analakwitsa, ndipo aliyense amene ali ndi pulogalamu ya maliro a Hezron aibweze, ngakhale yong'ambika, ngakhale yonyowa. Mawu anawathera pakati, ndipo anakhala pansi asanatseke ndi pemphero. Isabella anawamvera chisoni kwa nthawi yoyamba.

Anthu anabweretsa. Ambiri anali atawapinda m'Mabaibulo, ndipo amenewo anali bwino, kupatula mzere wopindira umene unkadutsa pamsana pa mbira. Ena anatuluka m'matumba a majekete atafewa ndi thukuta. Mayi wina anabwera ndi theka, nati theka linalo anayatsira mbaula. Mnyamata wa kwaya anali atalemba manotsi a nyimbo pamwamba penipeni pa khola. Pofika madzulo Isabella anali ndi mapepala 131, ndipo anawasita limodzilimodzi ndi simbi yamakala, ataphimba ndi nsalu.

Amayi ake ankamuyang'ana ali pamphasa. Monga namfedwa, NyaChavula sankachoka pamphasa ya pabalaza mpaka tsiku losesa, kupatula kupita kuseri. Anali atavala duku lakuda, manja ali pamiyendo.

"Ukudzivutitsa, Isabella. Anzako akulira bambo awo, iwe ukusita mbewa."

"Si mbewa, Amama."

"Munthu anapita. Zisiye zipite naye."

Lolemba Isabella anakwera njinga yamoto kupita ku Njakwa, kumene kunachokera galimoto yodzaza ndi achibale a amayi ake. Mvula inali itagwa, msewu uli phala. Anayenda khomo ndi khomo ngati wogulitsa mankhwala a makoswe, akufotokoza nkhani yomweyo mpaka inayamba kumveka yopusa ngakhale m'makutu ake. Pamsika anapeza mayi wogulitsa usipa amene anatola mapulogalamu otsala pamabenchi, mulu wonse, poti pepala labwino silitayidwa.

"Yewo, mama, pepani chomene," anatero mayiyo. "Ndikanadziwa. Ena ndakulungira kale makasitomala."

Anatsala khumi ndi asanu ndi awiri, onunkha nsomba, ena oonekera ndi mafuta. Isabella anawalandira ndi manja awiri. Kenako anafunsa amene anagula usipa kuyambira Loweruka, nawatsatira. Iye, mphunzitsi wa sukulu ya mishoni, anafukula dzala la eni ake ndi kamtengo, ana akumuonerera, ndipo anatulutsamo nambala 58 ndi nambala 203.

Lachiwiri anali ku Boma, Lachitatu ku Bolero. Usiku uliwonse ankasanja mapepala pansi motsata manambala, m'mawa n'kuwajambula n'kutumiza. Mbira inayamba kuyenda, ngakhale motsimphina. Inkatuluka pakona ya khola, n'kununkhiza waya, n'kufika pakhomo. Chapatali kabokosi ka akashembe kankayandikira. Pofika Lachitatu madzulo anali ndi 196. Koma nambala yaikulu pa onsewo inali 220. Kuyambira 221 mpaka 240 panalibe ngakhale limodzi.

Chiyembekezo chake chomaliza chinali ku Katowo, kumene kunkakhala a Owen Kumwenda, mnzawo wa bambo ake wa ku labu, amene anabwera kumaliro ndi anthu odzaza pikapu. Lachinayi anakwera pikapu ya matumba a feteleza, ndipo inatitimira kawiri. Anafika masana, matope mpaka m'mawondo. A Kumwenda anali ndi kagolosale. Anatuma uthenga kwa onse amene anapita nawo, ndipo mapepala asanu ndi limodzi anabwera. Isabella anayang'ana pamakona: 14, 77, 78, 140, 166, 219.

Anakhala pa thumba la shuga n'kulira, kulira kumene sanalire ngakhale kumanda. Analira bambo ake, analira miyendo yake, analiranso chifukwa chodziwa kuti mawa faifi koloko mayi wina wachifundo ku Bristol adzadina batani, ndipo mbira ija idzakhala ngati sinakhaleko.

A Kumwenda anamusiya alire. Kenako anatenga nambala 219, nayang'ana kabokosi kaja kali pafupi ndi mbira.

"Mbira iyi ndi Fote-seveni, nambala yake ya ku labu," anatero. "Khutu lakumanzere long'ambika. Ndikuikumbuka." Anabweza pepalalo msanga ngati lotentha. "Mwana wanga, anthu mazana awiri sangataye manambala otsatizana makumi awiri. Amenewo sanafike kutchalitchi."

"Ndiye ali kuti? Mukudziwa mmene nkhaniyi ikuthera?"

"Si ine woyenera kukuuza. Kafunse amayi ako."

Pikapu yobwerera inanyamuka m'mawa wa Lachisanu. Isabella anafika ku Nchenachena dzuwa litapendeka kale, cha m'ma thili koloko. Ku Britain nthawi imatsalira maola awiri m'nyengo ya mvula, choncho anali ndi maola anayi, koma kuwala kojambulira kunali kwa maola awiri okha, ndipo kumapiri kunkachita mdima wa mvula. Anakumana ndi a Ellard pakhonde.

"Adada, makina a fotokope anawerenga mapepala angati?"

"Mazana awiri ndi makumi awiri. Ndinalemba m'buku la ofesi. Bwanji?"

Isabella analowa pabalaza, napempha azakhali awiri amene ankakhala ndi namfedwa kuti atuluke pang'ono. Anagwada kumapeto kwa mphasa.

"Amama, masiku asanu ndi limodzi ndazungulira boma lonse la Rumphi. Ndafukula madzala a anthu. Inu mumandiona."

NyaChavula anayang'ana kukhoma.

"Ndinakuuza kuti uzisiye."

"Ali kuti?"

"Ukudziwa chifukwa chimene bambo ako anachokera ku labu? Tinkati anapuma chifukwa cha maso. Ngakhale a Ellard amadziwa choncho. Sanapume, anachotsedwa." Mawu awo anali otsika, ouma. "Kunali kambira kena kodwala, kowonda, kamene tsiku lake lodyetsa akashembe linakwana. Iye anaona kuti sikapirira. Anakabweza m'khola, n'kuika kabokosiko pamkono pake. Osati tsiku limodzi. Miyezi itatu, mpaka bwana wake anamupeza. Zinali zoletsedwa, ndipo anawononga kafukufuku wa anthu wa chaka chonse. Anatipatsa masiku awiri kuti tichoke m'nyumba ya kuntchito. Iwe unali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, mlongo wako ali kumsana. Tinabwera kuno pa lole ya fodya, mvula ikutikwapula."

NyaChavula anapitiriza.

"Mkonowo ndinkautsuka ndine, ndi madzi amchere. Unkatupa ngati chinangwa. Ndinkagona osagona, kudikira tsiku limene adzayambe kuodzera. Iye ankati akashembe a m'labu ndi oyera, alibe matenda. Nanga akanakhala nawo? Ndinamufunsa, Hezron, unasankha mbira kusiya ana ako? Sanandiyankhe. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu sanandiyankhe. Ndiye Lolemba lija anandiitana, akuti NyaChavula, bwera udzaone. Yankho lake linali limenelo, la pensulo. Lachiwiri n'kufa." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, mwaukali. "Ndiye azungu aonere, dziko lonse liwombe m'manja kuti kunali munthu wabwino ku Malawi. Nanga amene anakwera lole uja ndani adzamujambule?"

Isabella anali atabwera ndi mkwiyo wokwanira kugwetsa nyumba, koma tsopano sanadziwe pouika. Panja bingu linagunda chakumapiri a Nyika.

"Sindikulandani, Amama," anatero. "Ndi anu. Mukati ayi, ndikwera pachitunda ndikamuuze Angela kuti achotse. Koma ndionetseni ine ndekha. Ndi bambo anga."

NyaChavula anasendera pambali, napinda ngodya ya mphasa imene anakhalira masiku khumi. Pansi pake panali mapepala okulungidwa m'duku lakale, osapindika ngakhale pang'ono. Sanamupatse Isabella. Anawalinganiza pabondo, nagwira m'mphepete ndi dzanja lamanzere, n'kuwathamangitsa ndi chala chachikulu, ndendende mmene Hezron ankachitira. Isabella sankadziwa kuti amayi ake amatha zimenezo.

Dzanja la munthu linalowa m'chithunzi. Linakankha mbira mofatsa kubwerera m'kati mwa khola, pa udzu wouma. Kenako mkono wa zipsera unagona patebulo, malaya atapindidwa, ndipo dzanja linalo linatenga kabokosi kaja n'kukakhazika pamkonopo. Nkhope ya munthuyo sinaoneke. Papepala lomaliza mbira inali ikudya udzu, osadziwa kanthu.

Masekondi osakwana awiri. NyaChavula anawathamangitsanso kachiwiri, kenako kachitatu. Ulendo wachitatu anaima pa nambala 236, naloza ndi chikhadabo. Pakona yakumanja, kumbuyo kwa mkonowo, panali beseni laling'ono la madzi, ndi dzanja lina lowonda, lovala mphete, likufinya kansalu.

"Ichi ndinachiona Lachitatu, uli ku Bolero," anatero. "Lolemba lija ndinali ndi mkwiyo, sindinayang'ane bwino." Anatseka mapepalawo, nawaika pamiyendo ya mwana wake. "Uwauze azunguwo asafufute zipserazo. Ndiponso beseni limenelo asalidule. Ndamva kuti amadula za m'mphepete."

Isabella anakokera tebulo pafupi ndi zenera, pamene panatsala kuwala pang'ono, naimika kachoikira ka matabwa kaja. A Ellard analowa osaitanidwa, nagwira katani kuti isatseke dzuwa. NyaChavula anadzuka pamphasa, chinthu chimene azakhali akanachiona akanadandaula, nakhala pampando wa mwamuna wake kuti azipereka mapepala limodzilimodzi. Ntchitoyo imafuna kuti wojambula asagwedezeke, ngakhale kupuma apume mosamala.

Ali pa nambala 229, udzudzu wa mvula unayamba kulira pafupi ndi khutu la Isabella. Anakweza phewa, osachotsa manja pa foni. Udzudzuwo unazungulira, n'kubweranso pakhosi.

NyaChavula anakwinya mkono wa bulauzi mpaka pachigongono, naugoneka patebulo pambali pa mapepala.

"Jambula," anatero. "Dzuwa likupita."